Makalata Awiri a Bambo Dzimbiri

Ana inu, mwambi sumera wokha ngati bowa. Uliwonse uli ndi munthu amene anayamba kuunena, ndipo kawirikawiri anaunena mtima ukuwawa. Wa lerowu mwini wake ndi Esinati Nangondo wa ku Thyolo, ndipo ine ndikamakamba nkhani yake ndimapsa mtima ngati zachitika dzulo.

Bambo ake a Esinati, a Sandalamu, anapita kalekale ku Beira, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere ku Mozambiki, kukanyamula katundu padoko. Mphamvu zitawathera anakakhala pamudzi wa Nyakamba, kunja kwa mzindawo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zinatha Esinati osawaona. Tsiku lina kunabwera kalata yochita kuwalembera munthu wina. Inali ya mawu ochepa: "Maso achita mdima, miyendo yakana. Bwera ndidzakugwire dzanja."

Mwamuna wa Esinati anali a Dzimbiri, kalaliki pa esiteti ya tiyi, munthu wa pensulo kukhutu. Sanali oipa mtima ayi, koma anali ndi matenda ofuna zonse nthawi imodzi. Unali mwezi wa Disembala, dzuwa likuwotcha, mvula ikugwa, tiyi akuphukira usiku ndi usana, motero kuntchito anawapatsa masiku ochepa chabe. Mwana wawo Feliya anayenera kutsala ndi anansi, ndipo chikalata cha pamalire chinali cha masiku omwewo basi.

A Dzimbiri anayala pepala patebulo n'kuyamba kukonza ulendo.

"Lolemba tikwera sitima. Lachiwiri m'mawa tili ku Beira, tsiku lonselo n'loona mzinda. Lachitatu kumidzi. Lachinayi m'mawa tikubwerera."

"Bambo a Feliya," anatero Esinati, "tikangotsika sitima tiyeni tilunjike kwa abambo. Mzinda suthawa."

"Munthu ufike ku Beira osaona nyanja yamchere? Anzanga kuofesi ndidzawauza chiyani?"

Esinati ataona mwamuna wake akumata maenvulopu awiri, anafunsa kuti inayo ikupita kuti.

"Kwa amalume anga a Jofilisi, kwa Tchesa. Ndi kufupi ndi kwa Nyakamba komweko. Ali ndi minda ya kokonati, ndipo nsomba kumeneko amadya ngati ndiwo zamasamba."

"Mwawauza tsiku liti?"

"Lachitatu."

"Nanga abambo?"

"Lachitatu lomwelo. Mayi a Feliya, munthu wanzeru sadalira khomo limodzi. Kwina kukavuta, tithawira kwina. Tikaona komweko."

Tikaona komweko. Mawu amenewo, ana inu, aononga maulendo ambiri kuposa mvula. Munthu walembera nkhalamba yosaona kuti ndikubwera Lachitatu, ndipo inki isanaume walemberanso wina chimodzimodzi. Kodi ali ndi matupi awiri?

Lachiwiri linathera mumzinda monga mwa pepala. A Dzimbiri anawerenga zombo padoko, analawa madzi a m'nyanja n'kulavula, anayesa zipewa m'masitolo atatu. Esinati ankangowatsata pambuyo atakumbatira kamtolo ka bulangete ndi paketi ya tiyi zimene anatengera bambo ake. Nyanjayo iye sanaione n'komwe, ngakhale anaima pamchenga pomwepo.

Lachitatu lole inawatsitsa pamphambano dzuwa lisanafike paliwombo. Njira ya kumanzere inkapita kwa Nyakamba, ulendo wa maola awiri, ndipo panali kamtsinje koti awoloke. Ya kumanja inkapita kwa Tchesa, ola limodzi podutsa padambo. Kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana.

"Tiyeni kumanzere," anatero Esinati.

"Taimani. Kwa amalume n'kufupi. Tikadye kaye, kenako tipite kwa apongozi mimba zili zokhuta."

"Ine sindinabwerere nsomba. Taonani mitambo iyo."

"Mitambo ya kunyanja imangoopseza. Amalume apha nkhuku, tiwachititse manyazi?"

"Nanga abambo anga alibe nkhuku?"

Koma matikiti ndi zikalata zinali m'thumba la a Dzimbiri, njira Esinati sankaidziwa, chiyankhulo cha kumeneko sankachimva bwino. Anatsatira kumanja, misozi ili m'maso.

Atayenda theka la njira, bingu linagunda kutsogolo kwawo. A Dzimbiri anaima, nayang'ana kumwamba, nakanda kumutu ndi pensulo.

"Mvulayi ikugwera kwa amalume. Kwa apongozi kukuoneka koyera. Tibwerere."

Anabwerera mpaka pamphambano. Pamenepo kamphepo kanatembenuka, ndipo bambo aja anaimanso.

"Kapena ingodutsa. Mwina tikanapitirira."

"Bambo a Feliya, sankhani njira imodzi. Miyendo yangayi si yobwereka."

Anaima pamenepo akuyeza uku ndi uku, nthawi ikupita. Pomaliza Esinati sanadikirenso chilolezo. Anasenza kamtolo kake n'kulowa njira ya kumanzere, mwamuna akudza pambuyo akung'ung'udza.

Mvula inawapeza asanafike patali. Sinali mvula yocheza nayo. Inagwa ngati akuikhuthula m'mbiya, njira inasanduka ngalande, bulangete lija linalemera ngati mwala. Esinati sanaime. Anaterereka, anadzuka, anathamanga mpaka anamva mkokomo kutsogolo. Kamtsinje kaja kanali katadzaza, madzi ofiira akukokolola mitengo ndi mapesi.

Kutsidya kunaima mayi wina atafunda thumba kumutu. Anakuwa m'Chichewa chosweka kuti mawu apose madziwo.

"Kodi ndinu mwana wa a Sandalamu?"

"Ndine amene."

"Mwachedweranji? Anatiuza tiwanyamule m'mamawa, tiwakhazike pamwala uwu. Avala jekete lawo la kutchalitchi. Aliyense wowoloka amamufunsa, kodi ndiwe Esinati? Mvula itayamba anakana kuchoka, tachita kuwanyamula mokakamiza posachedwa pompa. Masana madziwa anali a m'kakolo."

"Madziwa aphwa liti?"

"Akadzaza chonchi, masiku atatu."

Esinati anakhala pansi m'matope momwemo. Madenga a kwa Nyakamba ankaoneka kuseri kwa migwalangwa, pafupi poti munthu wofuula n'kumveka. Anaitana bambo ake katatu, koma mtsinje unameza mawu ake.

A Dzimbiri, mmalo mokhala chete, anatsegula pakamwa.

"Musadandaule. N'chifukwa chake ndinalemba makalata awiri. Tiyeni kwa amalume."

Anabwerera, koma dambo la kwa Tchesa nalo linali litasanduka nyanja. Uku madzi, uko madzi, iwo pakati, zovala zili chonyowa, mimba zili pululu. Lole yobwerera kumzinda inawatola pamphambano dzuwa likulowa. Kudikira masiku atatu sikukanatheka: chikalata chinali kutha, ntchito ikudikira, mwana ali kwa eni. Lachinayi m'mawa anakwera sitima.

M'sitimamo a Dzimbiri anatulutsanso pepala lawo, lonyowa, inki itayenderera.

"Chaka chamawa tidzakonza bwino. Vuto inali mvula."

Esinati anawayang'ana m'maso.

"Musanamizire mvula. Mvula inapeza munthu wopanda kolowera. Mbusa wodziwa phanga limodzi, mitambo ikada amathamangira komweko, ndipo amafika wouma. Inu munali ndi mapanga awiri, mwaima pakati mukuyeza kuti labwino n'liti. Mwavumbwa, mwandivumbwitsa ine, mwavumbwitsanso nkhalamba yosaona pamwala. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a Feliya."

Anthu amene anali nawo m'sitimamo anamva, ndipo aliyense anatsika nawo mawuwo pasiteshoni pake. Umo ndi mmene anafalikira.

Chaka chamawa chija sichinafike. Chimanga chisanache, kalata ina inabwera kuchokera kwa Nyakamba, yonena kuti a Sandalamu anaikidwa m'manda sabata yapitayo.

Tsono mukamva akulu akuti "mapanga awiri avumbwitsa," akunena kuti munthu wofuna kugwira zinthu ziwiri nthawi imodzi, osatsimikiza mtima pa chimodzi, amataya zonse ziwiri. Kukhala ndi pothawira pawiri kumaoneka ngati nzeru, koma kumamuimika munthu panjira pamene anayenera kuyenda. Choipitsitsa n'chakuti wovumbwayo savumbwa yekha. A Dzimbiri anaumitsa jekete lawo n'kubwerera kuofesi kukasimba za zombo. Esinati sanagwirenso dzanja la bambo ake.