Chipinda cha Njuchi M'chulu cha Achiswe

Phomani, mmisiri wa achiswe, ndi Gang'a, mlonda wawo wosadziwa zapakati, anakangana chifukwa cha njuchi. Chulu chawo chinalibe chinsinsi. Aliyense ankalowa, kuona mmene mabowo a mpweya anakumbidwira, kukonza pogumuka, ngakhale kukamanga chake chofanana nacho. Koma chaka chimenecho dzuwa linaswa mtengo, mpweya unachepa, ana anayamba kufa ndi kutentha, ndipo Phomani mtima unamuwawa.

Kenaka kunafika Njuchi ndi khamu lake, mphanga yawo itapsa ndi moto wolusa. "Tipatseni malo, tizikukupizirani mphepo ndi mapiko," anatero. "Koma za kapangidwe ka phula lathu musafunse."

"Mwaumva mwanowo?" anakalipa Gang'a. "Zathu zili pambalambanda, zawo kubisa. Chikawonongeka m'zisa zawomo tidzakonza bwanji? Azipita!"

"Mukunena zoona, achimwene," anayankha Phomani, "koma mkangano wathuwu sutsitsimutsa mwana."

Za phula sanafunse. Anangofunsa kukula kwa malo ofunika, namanga chipinda m'mbali mwa chulu, nachilumikiza ndi kanjira kamodzi.

Njuchi zitalowa, chulu chonse chinayamba kung'ung'udza ngati ng'oma yakutali. Mphepo yozizira, yonunkhira maluwa, inatsetsereka mpaka kogona ana. Phomani anangoti kakasi. Iye amene ankadziwa njira iliyonse m'chulumo anaona chinthu chimene sakanatha kuchifotokoza, ndipo anachita mantha osakanikirana ndi chimwemwe. Ana aja anadzuka n'kuyamba kulirira chakudya.

Gang'a, yemwe uja wa "azipita", ndiye anaposa onse kutamanda. "Timate mabowo akalewa!" anatero. "Amangolowetsa linthumbu. Mphepo tili nayo kale."

"Mapikowo ndi athu?" anafunsa Phomani. Gang'a anamuseka, koma mmisiriyo anatenga anzake nakakulitsa mabowo aja, limodzilimodzi, osamata ndi limodzi lomwe.

M'mawa wina, mvula isanagwe, njuchi zinapeza mphanga yabwino kutsidya kwa dambo. Zinanyamuka zonse osatsanzika, osanena chifukwa. M'chulu munangoti zii.

Phomani anathamangira kwa ana mtima uli m'mwamba. Ataima pakhomo anamva kamphepo kakumukhudza pamsana, kochokera m'mabowo awo aja. Chulu chinkapuma chokha, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yogona, ndipo ana onse anali moyo.

Gang'a anayang'ana matope amene anasungira kumatira mabowo. Anawanyamula mwakachetechete kukakonzera chipinda cha njuchi chija, kuti wina wodzapempha malo adzachipeze chili bwino.

Phunziro: Wobisa luso lake usamutsekere kunja ngati thandizo lake lingapulumutse ako. Mutsegulire khomo, koma mpweya wa nyumba yako ukhale m'manja mwako. Opanga mapulogalamu a kompyuta otseguka kwa onse, amene aliyense angaone kapangidwe kawo n'kuwakonza monga chulu chija, nthanoyi ndi yanunso.