Kampango Kobwerera Kali Koyera

Panali mayi wina wachitsikana amene anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Lonjezo. Ali wakhanda, mwanayo adadwala chibayo mpaka kugonekedwa m'chipatala, ndipo kuyambira pamenepo mtima wa mayiyo sudakhalenso m'malo. Mwana akangoyetsemula, iye ankasiya chilichonse n'kuthamanga kukamugwira pachipumi.

Chaka chimene Lonjezo adayamba sukulu ya mkaka, nyengo yozizira idabwera ndi chimfine. Mayiyo ankamuikira tishu m'thumba la yunifomu, koma tishuyo ankanyenyeka, wina n'kugwa panjira, wotsala n'kumatirira ku zovala pochapa. Ikamafika nthawi ya phala, mwana amakhala alibe chominira. Tsiku lina mayiyo adatulutsa chitenje chakale chimene chidafewa ndi kuchapa, nachidula tizidutswa. Adapinda m'mbali n'kusoka pamanja. Pakona pa kalikonse adasokapo kaduwa ndi ulusi wofiira kuti kasasokonekere ndi ka mwana wina.

Timipangoto ankatichapa patokha, kutiwiritsa, kutiyanika padzuwa, kenako kutisita. Mwamuna wake ankamuseka.

"Make Lonjezo, kodi n'kominira aka, kapena n'kovindikira mgonero kutchalitchi?"

Iye sankaseka nawo.

M'mawa uliwonse, pomangirira kampango pachifuwa cha juzi ndi phini, ankamupatsa mwanayo malangizo. Asakagwetse pansi. Asabwereke mnzake. Asakaike m'kamwa. Tsiku lina kampango kadabwera kali phala lokhalokha, dothi lili pamwamba. Mayiyo adaganiza za tizilombo tonse ta pabwalo la sukulu, mantha ake adasanduka ukali, ndipo adakalipa mpaka mwana adakabisala kuseri kwa chitseko.

Kuyambira tsikulo kampango kankabwerera kali koyera, mizere ya simbi ikuonekabe. Mayiyo adati ndiye kuti chimfine chikutha. Koma pansi pa mphuno ya mwana padayamba kufiira. Kenako padang'ambika, padatuluka chilonda, nkhanambo ikangouma n'kusendekanso. Adadzozapo mafuta, osasintha. Adasintha sopo wochapira, osasintha. Adaganiza kuti mwina ndi utoto wa chitenje, mwinanso ndi nthenda ina imene idabisala m'thupi kuyambira kale lija. Adapita naye kuchipatala. Namwino adawapatsa mankhwala opaka, nanena kuti pamalopo pakukhulidwa ndi chinthu chokhakhala. Mayiyo adatsutsa, adati kansalu kamene mwana wake amaminira n'kofewa ngati thonje. Adabwerera kunyumba nkhawa itachuluka kuposa popita, ndipo chakudya chidaleka kumukomera.

Patapita masiku, chilonda chikukulirakulira, adalephera kudikira nthawi yowerukira. Adapita kusukulu msanga, nakaima kuseri kwa mpanda wabango, n'kumasuzumira pampata. Ana ankasewera pabwalo. Timipango ta anzake tinali tokwinyika, tina takuda, kena kakukwekwereka pansi. Lonjezo adaima payekha pafupi ndi khoma, mamina akutsika. Adawakoka, adatsikanso. Adagwira kampango kake, adakanyamula pang'ono, adakayang'ana. Kenako adakabwezera pachifuwa, nakasalaza bwinobwino ndi chikhatho. Atatero adakweza mkono, n'kukhula mphuno ndi juzi, pachilonda pomwepo. Nkhope idakwinyika ndi ululu, koma sadalire.

Mayiyo adagwira bango la mpanda.

Ana ataweruka, mayiyo adatenga Lonjezo, nayenda naye mpaka pamthunzi wa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Pamenepo adanjuta kuti maso awo alingane. Adagwira mkono wa juzi uja: unali gwa, wouma ndi mamina a masiku ambiri. Iye amene ankawiritsa timipango tsiku ndi tsiku anali asadauyang'anepo. Adafunsa motsitsa mawu chifukwa chimene saminira pakampango.

"Kangade, Amama," adatero mwanayo, maso ali pansi. "Kakada mumakwiya."

Mayiyo adafuna kufotokoza kuti sadatanthauze zimenezo, kuti adakalipa chifukwa cha dothi, osati chifukwa cha mamina. Koma adaona kuti mawu ake ndi amene adafikitsa zinthu pamenepa, ndipo mawu ena owonjezera sakadathandiza. Adatsegula chikwama chake, natulutsa kampango kena kosita, kamene ankayenda nako kuti mwina kangafunike. Adakatambasula pamaso pa mwana. Adaminapo mwamphamvu, mpaka munthu wina wodutsa panjinga adacheuka. Adapukutira thukuta la m'khosi, adapukutiranso fumbi la kumapazi, nakakwinyakwinya, n'kukaponya m'chikwama.

Lonjezo adayang'ana chikwamacho, nayang'ana amayi ake.

"Mwadetsa."

"Eya, ndadetsa. Tikachapa."

Kenako adamasula phini pachifuwa cha mwana, natenga kampango koyera kaja, nakagwirizitsa pamphuno mosamala, polewa chilonda.

"Mina, mwanawe."

Mwanayo adayamba wafufuza nkhope ya amayi ake kwa kanthawi, ngati akuyembekeza kuti isintha. Itapanda kusintha, adamina. Adaminanso kachiwiri, mosaopa. Kenako adalanda kampangoko, nakakwinya yekha m'dzanja, ndipo adayenda nako choncho mpaka kunyumba.

Makolo anzanga, ambirife tikulera mitima ili m'mwamba. Timaopa chifuwa, timaopa msewu, timaopa ana a anzathu, ndipo mantha amenewa akamatuluka pakamwa amatuluka ngati ukali. Mwana sadziwa kuti mukuopa. Amangoona kuti mwakwiya, ndiye amaphunzira kukubweretserani zoyera zokhazokha. Lero akubisa mamina, mawa adzabisa kuti wina wamumenya, kapena kuti pena pakumuwawa. Tsono mwana wanu akamafika pakhomo tsiku lililonse wopanda banga, wopanda dandaulo, musafulumire kunena kuti zonse zili bwino. Njutani, mumugwire mkono, muone kumene akupukutira.