Phewa la Sajeni Swaleyi

Sajeni Swaleyi Mtila anafika pamzikiti wathu wa ku Ntaja tsiku Lachitatu, titangomaliza swala, mapemphero athu a masana. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango, msewu ukuvina patali ngati madzi. Ine woitanira swala ndinali nditatsamira chipupa, diso limodzi lili kale kumaloto. A Shehe Mkwaila, mphunzitsi wathu, anali pakhonde akusoka mkeka wong'ambika.

Munthu uja anabwera mamendulo ali pachifuwa, ngwe! ngwe! ngwe! Nsapato zowala zoti munthu n'kumetera ndevu. Anali atangobwerako kudziko lina lakutali, kumene anapita ndi asilikali osungitsa mtendere, a zipewa za buluu aja. Kuno tinkamutcha mkango. Ankati anathamangitsa zigawenga mazana atatu pongotsokomola. Enafe pofotokoza tinkafikitsa mazana asanu.

"Asalamu alaikumu, a Shehe!" Mawu ake ngati akulamula perete, mpaka mbuzi ya a Shehe inadula chingwe.

"Wa alaikumu salamu, Che Swaleyi. Vulani nsapato mukhale apa, pali kamphepo."

Atavula nsapato zija n'kukhala pansi, mkango unachepa. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anati chapansipansi, "Ndabwera kuti mundiwerengere duwa yamphamvu, pemphero lopempha kwa Allah. Pali anthu akundivutitsa kutulo."

"Afiti kodi?"

"Bola akanakhala afiti, a Shehe. Ndikangotseka maso, ngakhale masana ano, ndimaona mlatho. Tsidya lino kampu yathu, tsidya linalo sukulu ya denga lofiira. M'sukulumo mumatuluka anthu pamzere: amayi ana ali kumbuyo, madala a ndodo, mphunzitsi choko chikadali m'manja. Salira, sathamanga. Mapazi awo sadzutsa fumbi. Amafika pamlatho n'kuima, n'kumandiyang'ana mwaulemu ngati anthu odikira basi."

"Ndi ndani anthu amenewa?"

"Ndi a mtundu umodzi wa kumeneko. Anzawo a mtundu wina anapangana kuti awamalize onse, osasiya ngakhale wa kubere. Iwo anathawira m'sukulumo chifukwa anaona zipewa zathu zili pafupi. Zikwanje zinagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ife tili tsidya lino, mfuti zili m'manja."

"Simunawoloke?"

"Lamulo silinabwere. Tinalipo asilikali a mayiko asanu ndi awiri. Mkulu wathu anaimbira a dziko lina pawayilesi: 'Alo, alo, dera limenelo ndi lanu, ova!' Iwo: 'Ayi, ife malire athu ndi mtsinje, funsani enawo, ova!' Enawo: 'Tikudikira a kulikulu, ova!' A kulikulu anali pamsonkhano. Ova, ova, ova, mpaka m'sukulumo munati zii."

Tulo tanga tinathawa. A Shehe anangoimika singano.

Sajeni anatulutsa kalata m'thumba. "Tsopano khoti la mayiko onse lagwira mkulu wa anthu a zikwanje aja, ndipo likufuna mboni. Galimoto ibwera kudzanditenga Lachisanu. Koma ine sindipita! Ndikaime pamaso pa dziko lonse ndinene kuti ndinaonerera? Mawa lake zimveke pawayilesi, mayi anga amve, apongozi anga amve? Ana m'njiramu amandimenyera sawasha, a Shehe. Tinalipo mazanamazana. Apite a mayiko olemera, odziwa Chingerezi cha m'mphuno chija. Ine ndikungofuna duwa, anthuwa achoke pamlathopo."

"Ndamva, mwana wanga," anatero a Shehe, n'kupitiriza kusoka.

Mthunzi wa mango unasuntha. Kenaka kutali kunamveka mawu otsika ngati njuchi, amuna akutchula dzina la Allah pamodzi. M'madzi onama a pamsewu aja munatuluka jeneza, chithatha chonyamulira maliro, lofunditsidwa nsalu yobiriwira. Linkabwera likuyandama pamwamba pa mitu ya anthu ngati bwato lopanda wopalasa.

A Shehe anaika mkeka pansi n'kuimirira. "Tiyeni."

"Wamwalira ndani?" anafunsa Sajeni.

"Sindikudziwa. Si a m'mudzi muno, akungodutsa popita kumanda."

"Nanga ife zikutikhudza pati?"

Koma a Shehe anali atafika kale pamsewu.

Amene simunaonepo maliro athu, jeneza siliima panjira. Amuna amandanda mbali ziwiri. Aliyense amalowetsa phewa, kuyenda mapazi angapo, kusiyira mnzake, n'kuthamangira kutsogolo kukadikiranso. Sajeni anatsatira wopanda nsapato, ndipo mchenga wa Okutobala sudziwa udindo wa munthu. Anadumphadumpha ngati chiwala pachiwaya, ii! ii! mamendulo akuimba okha nyimbo. Koma jeneza litamufika, kudumpha kunatha. Analowetsa phewa, nkhope inasintha, n'kuyenda mowongoka. Kumbuyo kwake kunalowa a Shehe, afupiafupi aja, akuyendera zala kuti phewa lifikire. Kenaka ena analandira, ena analandiranso, jeneza n'kumapita mpaka linasungunuka m'dzuwa.

Tinabwerera pakhonde. A Shehe anatunga madzi mumtsuko n'kumupatsa mlendoyo ndi manja awiri.

"Munalemedwa, Che Swaleyi?"

"Pang'ono. Anali munthu wathupi ndithu, Allah amuchitire chifundo."

"Mwayenda naye mapazi angati?"

"Kaya, asanu ndi awiri mwina."

"Mumamudziwa? Ndi wa mtundu wanu?"

"Ayi, a Shehe. Ngakhale dzina sindinafunse."

"Nanga bwanji litakufikani simunayambe mwafunsa kuti chigawo chino cha msewu ndi cha mudzi uti? Bwanji simunadikire mawu a mfumu?"

Sajeni anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Likanagwa pansi."

"Amuna onse aja, likanagwa bwanji?"

Sajeni anangoyang'ana m'chikho.

"Ine sindinapiteko kunja, ndipo za makhoti akuluakulu sindizidziwa," anatero a Shehe. "Chimene ndinaphunzitsidwa n'chochepa. Pali ntchito zina zimene Allah anaika pa anthu onse pamodzi. Mlendo akafera pakati pathu, akapezeka ochepa omusambitsa ndi kumuika, mudzi wonse wapepukidwa. Akapanda kupezeka, tchimo ndi la aliyense, ndi amene anali kumunda yemwe. Ntchito zoterezi sizilephereka chifukwa anthu achepa. Zimalephereka anthu akachuluka, aliyense n'kumayang'ana phewa la mnzake. Mayiko anachita bwino kukutumizani pamodzi, pakuti katundu wotere dziko limodzi silingamusenze. Koma pamlatho paja munamugwetsa nonse, ndipo inuyo munali mmodzi wa iwo. Sindikunamizani."

Misozi inatsika pa ndevu za mkango. "Ndiye ndatayika, a Shehe?"

"Wotayika salota. Tamverani. Penapake lero pali wina akunola chikwanje, khutu lili kukhotiko. Akamva kuti mboni zinasowa, anolabe mosangalala. Akamva kuti msilikali wa ku Ntaja, wosadziwa Chingerezi cha m'mphuno, anaima n'kunena zonse, ndi manyazi ake omwe, dzanja lake lichita mphwayi. Ndipo mkulu wina wa asilikali, tsiku lina, pamlatho wina, adzaopa kudikira."

"Koma dzina langa..."

"Dzina limene likufuna kuti mukhale chete si lanu, tinakupatsani ife pocheza. Litayeni."

Apa ine ndinayang'ana pansi.

"Nanga duwa ija?" anafunsa Sajeni.

"Duwa yoti miyendo yanu ilimbe ndikuwerengerani pompano, ndipo Lachisanu tonse tidzakuperekezani pamsewu. Koma yothamangitsa anthu aja, ayi. Sanabwere kudzakuzunzani. Munthu wophedwa amene nkhani yake sinanenedwe amakhala asanafike kumanda, akadali panjira. Palibe akukuuzani kuti muwasenze nokha mpaka kukafika. Oweruza alipo kutsogolo, mboni za mayiko ena zilipo. Anu ndi mapazi asanu ndi awiri basi: zimene maso anu anaona. Kalata ili m'manja mwanuyo ndi jeneza lawo, Che Swaleyi, ndipo lafika pa inu. Lowetsani phewa."