Nguluwe ndi Alonda a Mtima Wake

Kalekale, nyama zikadayankhula, m'mitsempha ya magazi ya nyama iliyonse munkakhala tinyerere. Musaseke inu, tamverani. Tinyerereto tinkaima mothithikana m'mbali mwa mitsempha ya mumtima, ngati mpanda wa bango. Magazi akamadutsa, tinkatsegula kampata kakang'ono. Chakudya ndi mpweya zinkalowa mumtima, zinyalala zinkatuluka, madzi ochuluka ankangopitirira.

Tsono panali Nguluwe, mbava ya chinangwa. Agalu a mwini munda ankamuthamangitsa, ndipo tsiku lina anamuluma mchira. Mantha anamugwira. Anaitana mkulu wa nyerere za mumtima mwake, dzina lake Nasimango.

"Mayi Nasimango, mtima wangawu mukuumana chakudya. Kuzani mpata, ndizithamanga kuposa agalu."

"Achimwene, mtima umadya mwa muyeso. Mukamathamanga timaonjezera tokha."

"Mtimawu ndi wanga kapena wanu? Kuzani."

Nyerere zinakuza mpata pang'ono. Nguluwe anaba chinangwa, agalu anamuona mochedwa, anapulumuka. Iye n'kumati nzeru zake zagwira ntchito.

Anaitananso. "Mayi Nasimango, kuzaninso."

"Madzi ayamba kulowa, achimwene."

"Madzi anapha ndani? Kuzani."

Zinakuzanso. Nguluwe anaba chinangwa, anathawa, koma agalu anali pamsana pake penipeni. Anafika kuphanga kwake ali wefuwefu, pachifuwa pakulemera. Chitsirucho, m'malo moti chidabwe, chinati chakudya chikuchepabe.

Anaitana kachitatu. "Chokanipo nonse, mpanda ugwe."

"Tikachoka palibe wosankha," anatero Nasimango. "Zilowa zonse, zabwino ndi zoipa."

"Zilowe."

Nyerere zinapatuka. Madzi khuthu, mchere khuthu, zinyalala khuthu, zonse mumtima. Mtima unafufuma ngati nyemba zonyikidwa m'madzi. Nguluwe anapitabe kumunda, nanga wadyera amamva? Ali mkati mofukula chinangwa, agalu anauwa. Anati adzambatuke, mtima unangogunda mwaulesi, miyendo inakana. Ine pamenepa ndimamumvera chisoni, ngakhale anali mbava.

"Mayi Nasimango, ndapota nanu, bwererani m'malo mwanu."

"Tabwerera kale, achimwene, mpanda waima. Koma kukapa madzi onsewa ndi ntchito yofika mawa."

Agalu sanadikire mawa.

Nthano yanga ndaitula pamenepa, wofuna aitole. Koma mumve: amene amakupatsani mwa muyeso sakukumanani, akukusungani amoyo. Musamuchotse pakhomo.