Kamtedza ndi Nkhunda Zodana ndi Mkangano

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, mudali munthu dzina lake Kamtedza. Kamtedzayu adali mkamwini. Adasiya kwawo kuseri kwa phirilo n'kudzamanga kwawo kwa mkazi wake, Nangozo. Malo amene adamupatsa adali ochepa zedi. Padangokwana nyumba, nkhokwe ndi mtengo umodzi wa papaya. Kum'mawa kudali dimba la apongozi ake, kumadzulo munda wa mlamu wake, kuseri kwa nyumba njira ya kuchitsime. Ukataya madzi otsukira mbale mosasamala, ankakagwera m'malo a eni.

Anthu awiriwa ankakondana, koma chikondi chawo chidali cha pakamwa potentha. M'mawa ankakangana za amene wasiya chitseko chosatseka. Masana ankakangana za mchere. Madzulo ankakangana za amene adayambitsa mkangano wa m'mawa uja. Komatu Nangozo akamva mutu, Kamtedza chakudya sichinkatsika. Kamtedza akachedwa kumunda, Nangozo ankaima panjira dzanja lili pamphumi, mtima uli m'mwamba, uku akukonzeratu mawu omulalatira.

Nkhoswe ya kuchikazi adali a Chidzanja, malume ake a Nangozo. Mkuluyu njira ya kwa Kamtedza adaiyenda mpaka zidendene kung'ambika. Lero kukaweruza, mawa kukaweruza, mkuja kukaweruzanso nkhani yomwe ija.

Chimene chinkasonkhezera moto kwambiri pakhomopo chidali nkhuli. Ndiwo zawo zidali nkhwani, bonongwe ndi chisoso, kenaka nkhwani kachiwiri. Kamtedza adalingalira kuti pakamwa potafuna nyama sipapeza mpata wolalata. Choncho adaganiza zoweta chiweto.

Adayamba ndi mbuzi. Adalukira munthu wina nkhokwe, munthuyo n'kumupatsa kamsoti ka mbuzi. Adaimangirira pamtengo wa papaya uja. Mbuzi idatafuna chingwe, idalowa m'dimba la apongozi, idamaliza mpiru wonse. Apongozi sadalankhule kanthu, pakuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Adangozula ziputu za mpiruzo n'kudzaziyala bwinobwino pakhomo pa Kamtedza. Mbuzi idabwerera komwe idachokera.

Adayesa nkhumba. Nangozo adamuchenjeza kuti nkhumba imadya gaga, ndipo gaga yemweyo ndiye amawapulumutsa iwo chimanga chikatha m'nkhokwe m'miyezi ya njala. Kamtedza sadamve. Nkhumba idadya gaga, idafukula pansi pa khola, idakakumba mbatata za mlamu wake mzere wonse. Mlamuyo sadali ngati apongozi. Adalankhula mpaka a tsidya lina adamva. Nkhumba nayo idapita.

Pamenepo Kamtedza adakhala pansi n'kuyang'ana kabwalo kake. Pansi padalibe malo, koma m'mwamba mudalibe mwini. Adakumbukira a Gwaza, mkulu wina wa kutsidya kwa mtsinje amene ankaweta nkhunda. Khola la nkhunda limakhala pamwamba pa mitengo inayi. Chakudya zimakadzitolera zokha. Zimaswa kawirikawiri, ndipo maunda ake, ana aja asanayambe kuuluka, ndi mafuta okhaokha. Kamtedza adasenza mphasa ziwiri zatsopano n'kuwoloka mtsinje kukasinthitsa.

A Gwaza adalandira mphasazo, adamugwirira nkhunda zazimuna ndi zazikazi, koma dengu sadamupatse msanga.

"Ndifunseko, bambo. Pakhomo panu pamakhalidwa bwanji?"

"Mwamtendere," adatero Kamtedza, maso ali pansi.

"Ndafunsa dala. Nkhunda njala imapirira, mvula imapirira, mphamba imamuzemba. Koma ikamva mwamuna ndi mkazi wake akulalatirana, imasamuka, ndipo sibwereranso."

Kamtedza adasenza dengu n'kumapita.

Nkhani siigona panjira. Khola limene Kamtedza adamanga lisanaume n'komwe, a Chidzanja adatulukira ndi ndodo yawo. Adaliyang'ana kholalo, adawayang'ana awiriwo, ndipo adakhala pampando.

"Ine miyendo yatopa," adatero. "Kuyambira lero ankhoswe anu ndi mbalamezi. Zikakhala, banja likhala. Koma tsiku lomwe ndidzapeze kholali lili pululu, inu a Kamtedza mudzapinda mphasa yanu n'kubwerera kwanu."

Mawu amenewa adamulasa Kamtedza. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma iyeyu kuterereka sankakufuna. Ankamufuna Nangozo ndi mtima wake wonse, pamodzi ndi pakamwa pake pomwepo.

Tsiku loyamba adakhala chete onse awiri. Pofika masana Nangozo adali atatupa ngati chule, Kamtedza akungoyendayenda pabwalo manja ali kumbuyo. Kenaka nzeru idamufikira. A Gwaza adanena za pakhomo. Za kutchire sadanenepo. Kupitirira minda ya mapira kudali chulu chachikulu, pambali pake mtengo wa msangu, malo oti munthu ungakuwe osamveka kumudzi. Adamuyandikira mkazi wake n'kumunong'oneza.

"Akazi anga, tiyeni kuchulu."

Adanyamuka mwaulemu, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo. Atafika adakhala wina uku wina uku, n'kumasula zonse za m'mimba: za chitseko, za mchere, za mbuzi, za nkhumba. Atatha adasasa fumbi n'kubwerera kunyumba akumwetulira.

Ndiye chidakhala chizolowezi. Phala likachepa mchere, tiyeni kuchulu. Khasu likasowa, tiyeni kuchulu. Wina akayang'ana mnzake moipa, tiyeni kuchulu. Udzu wa njira ya kuchulu udafa, njirayo n'kusalala kuposa ya kuchitsime. Amayi a pamtondo ankawaona akudutsa limodzi m'mawa ndi madzulo, ndipo ankadzudzula amuna awo kuti bwanji iwo sawayendetsa chomwecho. A Chidzanja zidendene zidapola.

Nkhunda nazo zidaswana. Khola lidadzaza, Kamtedza adamanga lina. Maunda oyamba adawadya ndi chisangalalo, mafuta akutsikira m'zigongono. Nkhani yoti ndani wadya nthuli yaikulu adaisunga, adakaikamba kuchulu m'mawa mwake.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kamtedza adaiwala chinthu chimodzi chimene mwana aliyense amachidziwa. Mbuzi umaimanga, nkhumba umaitsekera, koma nkhunda ili ndi mapiko. Mapira atadulidwa, nkhunda za m'mudzi zidayamba kupita kutali kukatola zotsalira m'minda, ndipo minda yokhala ndi zotsalira zambiri idali ya kufupi ndi chulu.

Tsiku lina nkhani idali yaikulu. Nangozo adatenga maunda onenepa kukapatsa amayi ake osamuuza mwamuna wake. Kamtedza adapirira njira yonse. Atangofika pachulu adayamba asanakhale n'komwe pansi. Adanena za maunda, Nangozo adanena za mpiru wa amayi ake. Adanena za kuchepa kwa bwalo, Nangozo adati munthu wobwera ndi mphasa yokha sayeza bwalo la eni. Adafukula za chaka chatha, adafukula za pachinkhoswe, adafika mpaka kwa agogo amene adagona kalekale.

Ali pakati, nthenga imodzi yoyera idatsika pang'onopang'ono n'kutera pakati pawo. Adakweza maso. Mumsangu monse mudali nkhunda zawo, nthambi iliyonse, mitu itapendekeka, zikumvetsera.

Kamtedza adayesa kuseka. Adati iwo amangocheza, ndimo mmene amachezera kwawo. Nangozo adamugwira dzanja mwamuna wake n'kumamusasa fumbi paphewa. Koma nkhunda yaimuna yaikulu idatukumula khosi n'kuyamba nyimbo, zinzake zikuvomera:

Kukuu, tamva tokha,
Kukuu, tamva tokha,
Pakhomo uchi, kuchulu tsabola,
Kukuu, ife tapita.

Zidanyamuka zonse pamodzi, zidazungulira chulu, zidalunjika kutsidya kwa mtsinje. Kamtedza adathamangira kunyumba, adamwaza mapira pabwalo, adaika madzi m'phale, adaimba mluzu mpaka milomo kuuma. Sipadatere ngakhale imodzi.

M'mawa mwake a Chidzanja adabwera. Adasuzumira m'khola loyamba, adasuzumira m'lachiwiri. Sadakalipe. Adangoloza mphasa ndi ndodo yawo n'kubwerera.

Kamtedza adapinda mphasa, adamangirira khasu ndi nkhwangwa. Nangozo adalira m'nyumba mwakachetechete, adapukuta maso, adatuluka. Mwambo wa kumeneko udali woti munthu wochoka pamudzi sachoka yekha ngati wakuba, amamuperekeza pang'ono. Nangozo adauza amayi ake kuti akamusiya pamtengo wa mkuyu wa kumalire, abwerera posachedwa.

Adayenda wina osayang'ana mnzake. Atayandikira mkuyu uja, pomwe ankayenera kutsanzikana, Nangozo adayang'ana katundu wa paphewa pa mwamuna wake.

"Mphasayo mwamanga bwanji? Igwa musanafike."

"Ndamanga bwino. Luzi lake ndi limene mudasenda inu, n'lowola."

"Luzi langa silinawolepo. Manja anuwo ndiwo."

Basi mkuyu adaupitirira osauona. Nkhani ya luzi idabala ya maunda, ya maunda idabala ya amene adayamba kukuwa pachulu. Adakwera phiri akukangana, adapuma pamwala akukangana, adagawana chinangwa chimene Nangozo adamumangira cha panjira, adatsika phiri akukanganabe. Adadzidzimuka atamva mawu a mlongo wake wa Kamtedza akuwalonjera, akulandira mphasa, akuthokoza kuti lero awabweretsera alamu awo.

Nangozo adacheuka. Phiri lidali kumbuyo, dzuwa litapendeka.

"Ndibwerera mawa," adatero. "Nkhaniyi sinathe."

Mawa lake nkhani sidathe. Mkuja sidathenso. A Chidzanja ataona kuti mwana wa mlongo wawo uja sakubwera, adatenga ndodo n'kukwera phiri lomwelo. Asanalowe m'mudzi adawamva kale awiriwo, ndipo adadziwa kuti onse ali moyo. Adawapeza akukangana za pomwe aike chitseko cha nyumba imene adayamba kale kuzika mitengo yake. A Chidzanja adamuitana Nangozo pambali n'kumufunsa ngati akubwera. Nangozo adagwada, adati amalume, ndikachoka munthuyu adzalalatiridwa ndi yani. Mkuluyo adapukusa mutu, adakhala pansi ndi nkhoswe ya kuchimuna, ndipo adagwirizana kuti chikamwini chatha, tsopano chikhale chitengwa, mkazi akhale kwawo kwa mwamuna.

Nkhuli yokha ndiyo idali isanathe, ndipo bwalo la kumeneko nalo lidali laling'ono. Mlongo wake wa Kamtedza adawamvetsera masiku angapo, kenaka adawabweretsera mazira a nkhanga m'chipande n'kuwaikira pansi pa thadzi lofungatira. Nkhangazo zidaswa, zidakula, zinkadzidyera kutchire, zinkagona mumtengo. Ndipo nkhanga mukuzidziwa. Kukacha phokoso, masana phokoso, dzuwa likamalowa phokoso. Eni nyumba akayamba zawo, nkhanga zinkathamangira pabwalo kudzathandiza, moti odutsa panjira sankadziwa kuti akulalata ndi munthu kapena mbalame. Sipadathawe ngakhale imodzi. Kamtedza ndi Nangozo adadya nyama mpaka imvi, akukangana za amene adye chiwindi.

Ndiye inu amene mwakhala pano, posankha chiweto musamangoyeza kukula kwa bwalo. Muziyezanso eni nyumba. Chiweto chokukakamizani kukhala munthu wina, tsiku lina chidzakupezani muli inu nomwe.

Yanga yathera pamenepa. Amene mudakwirira mbatata paphulusa, kaphuleni isanapserere.