Makadi a Ukwati wa Mwana wa Njiri

M'nkhalango ina munali Mayi Njiri, amene sankachedwa kuda nkhawa, ndi Gologolo, katswiri wopanga masamba a pa intaneti koma waphuma. Mwana wa Mayi Njiri ankakwatiwa Loweruka, koma pofika Lachinayi makadi oitanira alendo mazana awiri anali asanatumizidwe. Mwambo wa kumeneko unali wakuti wopanda khadi salowa pamadyerero, ngakhale atakhala ankhoswe.

"Mwanawe, mayina onsewa titha liti?" anafunsa Mayi Njiri, mtima uli m'mwamba.

"Musadandaule, Mayi," anatero Gologolo. "Patsamba lanu ndilembapo lamulo lobwerezabwereza, ife timati lupu. Lizitenga dzina pamndandanda, n'kutumiza khadi pafoni ya mwini wake, kenako n'kupita pa dzina lotsatira mpaka mayina atatha."

"Tayamba wayesa ndi mayina atatu, tione."

"Aaa, Mayi, ine ndiyesenso? Izi ndimachita tsiku ndi tsiku!"

Gologolo analemba msangamsanga, nadina batani, n'kuthamangira kokafukula mtedza. Koma anaiwala mzere umodzi wokha, wouza lupuyo kuti isunthire pa dzina lachiwiri. Motero inangozungulira pa dzina loyamba, n'kumatumiza makadi onse kwa mwini dzinalo, mpaka batire ya kompyuta itatha. Tsoka ilo, dzinalo linali la Fisi, amene Mayi Njiri anamulemba chifukwa cha manyazi chabe, poti ankamwa chitsime chimodzi.

Lachisanu Mayi Njiri chakudya sichinalowe. Ankangoti uku zungulire, uku zungulire, kudabwa kuti palibe ndi mmodzi yemwe wothokoza khadi. Atamufunsa Gologolo, iye anangoti, "Zatheka kalekale," osatsegula n'komwe tsambalo.

Loweruka m'mawa kunatulukira afisi osawerengeka, aliyense khadi lake pafoni, pakuti Fisi anali atagawira mtundu wake wonse. Nungu, mlonda wa pachipata, ankangoona khadi n'kulowetsa. Ankhoswe akuchimuna anaima kunja dzuwa likuwaphulikira pamutu, ndipo atatopa anabwerera kwawo ali okwiya, mkwati ali pambuyo pawo.

Mayi Njiri analira momvetsa chisoni. Mwana wawo anakhala yekha pampando, diresi loyera lili m'thupi, akumva afisi akukokota miphika. Gologolo uja mpaka lero akangomva mtswatswa amathawira mumtengo, kuyesa ndi Mayi Njiri.

Phunziro: Kuthamanga sikufika. Ntchito yoti ibwerezedwe kambirimbiri yamba waiyesa pang'ono, chifukwa ukalakwitsa poyamba, cholakwacho n'chimene chimabwerezedwa.