Malaputopu Odikira Alendo

Abale anga, kunali mphunzitsi wamkulu wina pa sekondale yoyendera, kutali uko kumene galimoto zimafika m'chilimwe mokha. Anthu ankangowatchula kuti aHedi. Anali munthu wosamala zinthu, wosamala mopyola muyeso. Sofa anagula kalekale, koma pulasitiki yake sanachotse. Mbale zadothi zinkakhala m'kabati kudikira alendo, ana akudyera m'mbale zobenthuka.

AHediwo anali ndi mwana wamkazi, dzina lake Mwatitha, amene ankaphunzira pa sukulu yomweyo. Mtima wawo wonse unali pa mwanayu. Ankafuna kuti akamaliza Folomu 4 adzapeze ntchito ya mu ofesi, asadzapsere padzuwa ndi khasu.

Tsiku lina bungwe lina linabweretsa malaputopu, timakompyuta tating'ono totchipa topangidwira ana asukulu. Linakhomanso sola padenga yotchajira. Amayi anavina, nthungululu zinalira. Mkulu wa bungwelo anati, "Awa ndi a ana. Aziwagwiritsa ntchito. Ife tizibwera kudzaona."

AHedi anangomva mawu omalizawo. Anayang'ana manja a ana aja, manja afumbi, onata ndi mango ndi nzimbe, mantha anawagwira. Nanga imodzi ikasweka, alendo adzati chiyani? Anabwezera laputopu iliyonse m'jumbo yake, jumbo m'katoni, katoni m'kabati, loko gwa! Kiyi m'thumba.

Koma uthenga ukafika woti alendo akubwera, eee, mukanaona! Ana ankasesa, kupaka miyala laimu, kusamba m'manja ndi sopo. Malaputopu ankatuluka, iliyonse pa desiki yake. AHedi ankayenda pakati pa mizere: "Zala pa mabatani, koma osadina! Mwetulirani!" Kuyatsa ayi, ati batire lingathe. Alendo nawonso anali anthu othamangira kubwerera m'tauni. Ankajambula chakutsogolo, kumene kumaoneka mano a ana, osasuzumira kuti pagalasi pali mdima. Fumbi la galimoto yawo lisanakhazikike, loko gwa!

Wokhala kutsogolo nthawi zonse anali Mwatitha, poti yunifolomu yake inali yosita. Chithunzi chake aHedi anachikhoma mu ofesi, namanyadira nacho.

Mwanayo ankapempha ndithu. "Bambo, tangondionetsani poyatsira pokha."

"Iwe, ndikakupatsa wekha, anthu adzati aHedi akukondera mwana wawo. Ndikapatsa onse, adzaswa. Dikira, nthawi yake idzafika."

Mwatitha anadikira mpaka sukulu inatha. Mayeso anakhoza bwino. Ndiye kunamveka kuti chipatala china ku boma chikufuna kalaliki wolemba mayina a odwala pa kompyuta. AHedi anasangalala kwambiri. Anachotsa chithunzi chija pakhoma, n'kumupatsa mwanayo. "Akakufunsa za kompyuta, ukawaonetse ichi. Uwauze kuti kwathu zilipo, zatsopanotsopano."

Taonani, munthu wamkulu, wophunzira, kutuma mwana wake ku nkhondo atamugwiritsa chithunzi cha mfuti! Zimandipweteka ine, abale.

Mwatitha atabwerako anawapeza bambo ake mu ofesi. Sanakhale pansi. Anaika chithunzi chija pa tebulo chozondotsa.

"Zayenda bwanji, mwanawe?"

"Anandikhazika pa laputopu, n'kunena kuti yatsa, ulembe dzina lako. Bambo, ndinaika zala pa mabatani, ndinamwetulira. Ndi zokhazo zimene munandiphunzitsa. Anthu anandiseka. Ntchito atenga wina."

AHedi anadzuka. Anapisa m'thumba, anatsegula kabati ija. "Bwera, ndikuonetsa pompano. Bwera, mwana wanga." Anatulutsa laputopu imodzi, yonyezimira, yopanda ngakhale kakanda. Anaitembenuza uku ndi uku kufuna poyatsira, pakuti iwonso sankadziwa. Atapapeza anadina. Zii. Anatenga ina. Zii. Mabatire anali atafufuma ngati mandasi chifukwa chokhalitsa osatchajidwa, ndipo m'katoni munatuluka mphemvu. Malaputopu onse anafera m'jumbo zawo ali atsopano.

Atadzutsa mutu, pakhomo panalibe munthu. Pawindo anamuona Mwatitha akutsetsereka kulowera kudimba, khasu lili paphewa.

Anthu amatsutsana, abale anga, kuti kodi malaputopu otchipawa angatukuledi maphunziro a ana athu osauka? Za kwina ine sindidziwa. Koma pa sukulu ija laputopu sinalephere kuphunzitsa mwana. Sanailole n'komwe kuti iyese.

Musafulumire kuwaseka aHedi, chifukwa kabati yomweyo ili m'nyumba mwanu, ilinso m'nyumba mwanga. Mulungu anatipatsa Mawu ake, anatipatsa pemphero, anatipatsa chifundo, kuti tizizigwira tsiku ndi tsiku ndi manja athu afumbiwa. Ife tinazikulunga. Timazitulutsa Lamulungu. Timazitulutsa abusa akati akubwera kudzayendera mabanja: kusesa, kuvala zoyera, kuyankhulana mofatsa ngati anthu okondana. Abusa akangokhota pa mphambano, loko gwa! Kutukwana kwabwerera pamalo pake.

Ndipo ana athu akuona. Akudziwa kukhala mwakachetechete m'tchalitchi, akudziwa kupinda manja, akudziwa kutsinzina pa nthawi yake. Koma poyatsira sitinawaonetse. Tsiku lidzafika, matenda kapena maliro kapena yesero lalikulu, pamene moyo udzamuuza mwana wanu kuti yatsa. Inu mudzathamangira ku kabati, mudzapeza chikhulupiriro chanu chili chonyezimira, chopanda kakanda, chakufa.

Tsegulani lero. Chide, chikandike, chibenthuke m'manja mwa ana, palibe kanthu. Mulungu sadzakufunsani kuti munachisunga choyera bwanji. Adzaloza mwana wanu, n'kufunsa kuti, "Uyu munamuphunzitsa chiyani, kupatula kumwetulira?"